Wophunzira za kompyuta ayambe wapita kumsika asanasankhe mutu wa pulojekiti

Mwana wa mlongo wanga, amene ali m'chaka chomaliza cha maphunziro a kompyuta mumzinda wa Tete, anandiimbira foni kumayambiriro kwa chaka chamaphunziro ndi pempho limene ndalimva kwa achinyamata ambiri. Anati, "Malume, ndipatseniko tema, masiku opereka atsala pang'ono." Tema ndi mawu a Chipwitikizi amene ophunzira athu amatchulira mutu wa ntchito yomaliza, ija amaitcha monografia, imene munthu amailemba ndi kukaiteteza pamaso pa gulu la aphunzitsi asanalandire digiri yake. Nditamufunsa ngati iye mwini anali ataganizapo kanthu, anandiwerengera mitu inayi imene anaipeza pa intaneti: pulogalamu yoyendetsera laibulale, pulogalamu yowerengera katundu wa m'sitolo, pulogalamu yosungitsira zipinda ku hotela, ndi pulogalamu yoponyera mavoti pa kompyuta. Ndinamufunsa laibulale imene ankaiganizira, ndi dzina la munthu amene amagwira ntchito mmenemo, koma analibe yankho, pakuti laibulale yake inali ya m'mutu chabe. Sindinamupatse mutu tsiku limenelo, ndipo zimene ndinamuuza ndi zimene ndikufuna kuuza ophunzira onse a kompyuta m'chigawo chathu chino cha Tete ku Mozambique, pamodzi ndi aphunzitsi amene amavomereza mitu yawo.

Maganizo anga ndi akuti mutu wabwino wa pulojekiti uyenera kuchokera kwa munthu weniweni amene ali ndi vuto lenileni, munthu amene wophunzirayo angathe kumufikira ndi miyendo, ndi njinga kapena ndi minibasi ija timaitcha chapa, kukhala naye tsiku lathunthu ndi kuona ndi maso ake mmene amagwirira ntchito. Wophunzira amene sangathe kutchula amene adzatsegule pulogalamu yake Lolemba lotsatira tsiku la defesa, loteteza monografia yake, ndiye kuti mutu sanaupeze, ngakhale mawu ake atakhala okoma bwanji papepala. Sindikunena kuti pulogalamu ya laibulale ndi yoipa mwa iyo yokha. Ngati pali laibulale yodziwika imene mabuku ake akusowa chifukwa kaundula wake ndi kope long'ambika, ndipo woyang'anira wake wavomera kuyesa njira yatsopano, umenewo ndi mutu woyenera. Chimene ndikuchikana ndi mutu wopanda mwini, wotoledwa pamndandanda umene ophunzira a m'mayiko ena akhala akutolapo kwa zaka zambiri, umene kodi yake yonse, kutanthauza malamulo olembedwa amene amapanga pulogalamu, ilipo kale pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo mapulogalamu, yongodikira munthu woti asinthe mitundu ya tsamba ndi kulembapo dzina lake.

Ndikudziwa chifukwa chake ophunzira amathamangira mitu yotere, ndipo sindikuwanyoza. Ambiri mwa iwo afika chaka chachinayi makolo awo atagulitsa chimanga, soya, fodya kapena ng'ombe kuti alipire sukulu ndi lendi, ndipo chimene banja lonse likudikira ndi satifiketi. Ena alibe laputopu yawoyawo, amabwereka ya mnzawo usiku. Mamega a intaneti amadya ndalama ya ndiwo. Ulendo wochoka ku Tete kupita ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia, ndi wa makilomita oposa 200, ndipo kupita kukafunsa mafunso kawiri kapena katatu n'kovuta kwa munthu amene m'thumba mwake mulibe kanthu. Munthu wotere akaona mutu umene anzake a chaka chatha anadutsa nawo bwinobwino, n'zomveka kuti asankhe njira yopondedwa kale. Mantha a kulephera ndi enieni, ndipo aliyense wolangiza ophunzira popanda kuwawerengera sakuwathandiza.

Komabe njira yopondedwayo ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo wakwera kwambiri kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT inatulukira ndipo zida zina zofanana nayo zinatsatira. Lero pulogalamu ya laibulale yolembedwa ndi zida zofala za PHP ndi MySQL, yokhala ndi tsamba lolowera, mndandanda wa mabuku ndi lipoti la obwereka, makina angathe kuilemba madzulo amodzi. Wolemba anthu ntchito amadziwa zimenezi. Choncho wophunzira amene watha miyezi isanu ndi umodzi pantchito yotere watuluka ndi umboni wa luso limene latsika mtengo, ndipo wataya mwayi wophunzira luso limene silinatsike, lomwe ndi kumvetsa vuto la munthu amene sadziwa kulifotokoza m'chilankhulo cha kompyuta. Amene tagwirapo ntchito yolemba mapulogalamu timadziwa kuti mapulogalamu ambiri amene amafa safa chifukwa kodi inali yolakwika, koma chifukwa anayankha funso limene palibe anafunsa. Kukhala pansi ndi mayi wogulitsa nyemba, kumva zimene akunena ndi kuzindikira zimene sakunena, kenako n'kuzisandutsa matebulo a deta ndi malamulo a pulogalamu, imeneyo ndi ntchito imene sukulu imapereka mpata woiyesa kamodzi kokha, ndipo mpatawo ndi monografia.

Tsopano ndipereke chitsanzo chimene ndinamupatsa mphwanga uja, chifukwa anthu ena akamva mawu oti vuto la kwathu amaganiza kuti tikunena za kanthu kakang'ono kosayenera munthu wa digiri. Maboma a Angónia ndi Tsangano ndi nkhokwe ya chigawo chino ndi madera ena akutali: kumachokera mbatatesi, chimanga, nyemba, soya ndi ndiwo zamasamba, ndipo malonda amayenda mbali zonse ziwiri za malire, ku Calómuè moyang'anizana ndi Dedza, ku Biri-Biri, ndi ku Zóbuè moyang'anizana ndi Mwanza. Mlimi wa kumeneko amagulitsa nthawi zina m'metikali, nthawi zina m'kwacha, ndipo muyeso wake sukhala kilogalamu nthawi zonse, koma ndowa, thumba kapena mulu. Boma lili ndi dongosolo lotolera mitengo ya mbewu m'misika, lotchedwa SIMA, limene lakhalapo kuyambira 1991, koma funso la wophunzira wa kompyuta n'lakuti mtengo umenewo ungafike bwanji m'manja mwa mlimi amene ali ndi kafoni ka mabatani, m'muyeso umene iye amaudziwa, ndi m'ndalama imene wogula wake akumupatsa tsiku limenelo. Kwacha ya Malawi itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wa m'malire anaona mmene mtengo wa dzulo ungasokeretsere munthu lero.

Wophunzira akangoyamba kuganizira funso limeneli mozama, amapeza kuti lili ndi sayansi ya kompyuta yochuluka kuposa imene ili mu pulogalamu ya hotela. Ayenera kusankha njira yotumizira uthenga. Akasankha USSD, njira imene tonse timaidziwa potumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola ndi pogula magetsi a Credelec, adzapeza kuti imagwira pafoni iliyonse popanda intaneti, koma uthenga umodzi sungapitirire zilembo 182, kulumikizana kumaduka munthu akachedwa kuyankha, ndipo nambala yachidule yoimbira simapezeka popanda mgwirizano ndi kampani ya mafoni, chinthu chimene wophunzira payekha sangachikwanitse m'miyezi yochepa. Akasankha SMS, angathe kuyamba ndi foni imodzi ya Android yokhala ngati chipata cholandirira ndi kuyankhira mauthenga, koma akumana ndi msampha wina umene ambiri saudziwa. SMS imodzi imanyamula zilembo 160 pokhapokha zilembo zonse zili m'gulu lakale la zilembo za mafoni lotchedwa GSM. Mukangoikamo chilembo chimodzi chimene mulibe m'gululo, monga ŵ wa Chichewa kapena ã wa Chipwitikizi, uthenga wonse umasintha kalembedwe ndipo malire amatsika kufika pa zilembo 70, kutanthauza kuti uthenga umene unali umodzi usanduka iwiri kapena itatu, ndipo ndalama zolipira zikwera chimodzimodzi. Wophunzira amene wayesa zimenezi, wawerengera mtengo wake m'metikali, ndipo wafotokoza chifukwa chake anasankha njira imodzi n'kusiya ina, wachita uinjiniya weniweni.

Ndipo mafunso sathera pamenepo. Ndani adzalowetse mitengo, ndipo pulogalamu idzadziwa bwanji kuti wolowetsayo sakunama pofuna kutsitsa mtengo kuti agule motchipa? Anthu atatu akapereka mitengo itatu yosiyana ya msika umodzi, pulogalamu itenge wapakati kapena itaye umene watalikirana ndi inzake? Mtengo ukhale masiku angati usanaonedwe kuti ndi wakale? Ndowa ya chimanga chouma ndi ndowa ya chimanga chimene changokololedwa kumene sizilemera mofanana, nanga tebulo losinthira miyeso lisunge chiyani? Funso lililonse mwa amenewa lingathe kukhala chaputala cha monografia, ndipo palibe limene yankho lake lingatoledwe lathunthu pa intaneti.

Vuto lina limene lili ponseponse m'chigawo chathu ndi la netiweki ndi magetsi oduka. Damu la Cahora Bassa ku Songo lili ndi mphamvu yopanga mamegawati 2,075, ndipo gawo lalikulu la magetsiwo limapita ku South Africa, pamene m'midzi yambiri ya ku Macanga, Chifunde ndi Marávia foni imatchajidwa ndi kasola kapena pagolosale polipira. Kampani ya mafoni ya Movitel itayamba ntchito mu 2012 netiweki inafika kumadera amene kale kunali zii, komabe aliyense woyenda m'misewu ya kumidzi amadziwa malo amene foni imangokhala chete. Pulogalamu yolembedwa ngati kuti intaneti ilipo nthawi zonse ndi yakufa isanabadwe m'malo otere. Pulogalamu yoyenera kuno ndi imene imasunga zonse m'foni momwemo, mwachitsanzo m'kankhokwe ka deta kotchedwa SQLite, n'kudikira mpaka netiweki itapezeka kuti itumize ku seva, kompyuta yapakati yosunga zonse. Zikumveka zophweka, koma taganizani anthu awiri amene asintha mbiri ya munthu mmodzi, wina Lachiwiri ali kumudzi kopanda netiweki, wina Lachitatu ali ku ofesi, ndipo foni ya woyambayo yalumikizana Lachisanu. Zosintha za ndani zikhale? Nanga wotchi ya foni imodzi ikakhala yolakwika? Limeneli ndi limodzi mwa mafunso akale ndi ovuta a makompyuta ogwira ntchito molumikizana, ndipo makampani akuluakulu amalipira bwino anthu olidziwa. Wophunzira wa ku Tete safunika kulipeka, chifukwa amakhala nalo tsiku ndi tsiku.

Apa ndiwonjezepo chenjezo, makamaka kwa amene amakopeka ndi nkhani za umoyo. Unduna wa zaumoyo uli kale ndi dongosolo lake lotolera ziwerengero, lotchedwa SIS-MA, lomangidwa pa DHIS2, pulogalamu yaulere imene imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo, ndipo OpenMRS nayo imagwiritsidwa ntchito m'dziko muno posunga mbiri ya odwala. Wophunzira amene akulonjeza kumanga dongosolo latsopano la chipatala chonse ndiye kuti sanafufuze zimene zilipo. Chanzeru n'kufunsa namwino wa pachipatala chaching'ono kuti ndi ntchito iti imene akuchitabe ndi pensulo ndi rula kumapeto kwa mwezi, n'kumanga kachida kamodzi kothandiza pamenepo, kolankhulana ndi zimene zilipo kale. Safunsa anadya phula, ndipo m'ntchito yathu phula limenelo ndi miyezi yotayika pomanga chinthu chimene ena anamanga kale bwino.

Nkhani imene ili pafupi kwambiri ndi mtima wanga ndi ya chilankhulo. Mapulogalamu ambiri amene anthu athu amakumana nawo amalankhula Chipwitikizi kapena Chingerezi, pamene agogo a ku Domwe ndi amalume a ku Furancungo amaganiza ndi kuwerengera ndalama zawo m'Chichewa, ndipo a m'mbali mwa Zambezi m'Chinyungwe. Pali ntchito yambiri imene sinachitike, ndipo ina ndi yokwana bwino m'chaka chimodzi. Kalembedwe kathu kokha ndi nkhani: m'mabuku a sukulu a kuno ku Mozambique ndi a ku Zambia mumalembedwa cimanga, pamene ku Malawi amalemba chimanga, ena amaika kadenga pa ŵ ndipo ena saika. Pulogalamu yofufuzira mawu imene sidziwa zimenezi imauza munthu kuti chimene akufuna palibe, chili pomwepo. Kuwonjezera apo, mneni wathu amanyamula zambiri m'liwu limodzi, moti amene akufufuza liwu loti gula ayenera kupezanso anagula, tidzagule, sindinagule ndi ogulitsa. Kulemba kachida kochotsa aphatikiri n'kupeza tsinde la liwu, kukayesa pa ziganizo chikwi zimene wophunzirayo watolera ndi kuzisanthula ndi manja, ndi kunena moona kuti kanakhoza kangati ndipo kanalakwa pati, ndi pulojekiti imene ingathandize aliyense wobwera pambuyo. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, koma aliyense amene anaiyesa ndi Chichewa cha m'malire, chosakanikira ndi mawu a Chipwitikizi, amadziwa kuti mpata wokonza ulipo waukulu. Wophunzira wobadwira m'chilankhulochi ali ndi chuma chimene katswiri wa ku California alibe, chomwe ndi khutu lodziwa pamene chiganizo chapindika.

Pali otsutsa, ndipo mfundo zawo ndi zolemera. Oyamba amati ophunzira athu ambiri akuyang'ana ntchito ku migodi ya malasha ya ku Moatize, kumabanki, kumakampani a mafoni, ku Maputo, ngakhale kunja kwa dziko, ndipo kuwatumiza kumsika wa mbatatesi ndi kuwatsekera m'khola, pamene anzawo a kwina akuphunzira zida zamakono. Ndikuvomereza kuti wophunzira ayenera kuganizira za ntchito, ndipo palibe cholakwika kufuna malipiro abwino. Koma ndakhalapo kumbali ya ofunsa mafunso polemba anthu ntchito, ndipo ndikudziwa chimene chimachitika wachinyamata akayamba kufotokoza pulojekiti yake. Amene anatola mutu amatchula mayina a zida zimene anagwiritsa ntchito n'kuthera pomwepo, ndipo mukamufunsa chimene chinamuvuta kwambiri amasowa chonena. Amene anamanga chinthu cha anthu enieni amakuuzani kuti poyamba anachita mwakuti, anthu anakanika kugwiritsa ntchito, anabwerera n'kusintha mwakuti, ndipo nkhani imayenda yokha. Wachiwiriyu ndi amene amatengedwa, ngakhale ntchitoyo ikhale ya kumgodi, chifukwa nakonso kumgodi kuli anthu amene safotokoza bwino zimene akufuna, makina amene amaduka, ndi deta yodetsedwa. Zida zamakono siziletsedwa ndi vuto la kumudzi: Git yosunga mbiri ya zosintha za kodi, mayeso a kodi, seva ya pa intaneti ndi chitetezo cha deta zonse zimalowa mu pulojekiti ya mitengo ya mbewu monga zimalowera kwina kulikonse. M-Pesa imene tikuigwiritsa ntchito kuno kuyambira 2013 inayamba ku Kenya mu 2007 poyankha vuto la anthu wamba lotumiza ndalama kumudzi, pa mafoni a mabatani.

Otsutsa achiwiri ndi ophunzira amene mtima wawo uli pa nzeru zopangidwa ndi makina, zimene aliyense akuzitchula masiku ano, ndipo amafuna mutu wonga kuzindikira matenda a mbewu pogwiritsa ntchito zithunzi. Chilakolako chimenechi ndimachilemekeza, ndipo sindikufuna kuchizimitsa. Funso langa kwa iwo limakhala limodzi: zithunzizo zili kuti? Ngati yankho ndi lakuti adzazitenga pa intaneti, zojambulidwa m'chipinda chowala bwino, tsamba lili lokha pathebulo, ndiye kuti pulogalamuyo idzakhoza bwino kwambiri pa tsiku la defesa n'kulephera m'munda wa ku Tsangano, mmene tsamba lili pakati pa anzake, padzuwa, ndi fumbi, lojambulidwa ndi kamera yotchipa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma wophunzira akati adzapita kukajambula yekha zithunzi mazana angapo m'minda, akapemphe ophunzira ndi aphunzitsi a zaulimi a yunivesite ya UniZambeze ku Ulónguè kuti amuthandize kutchula matendawo molondola, kenako ayerekeze mmene pulogalamu yophunzitsidwa ndi zithunzi za kunja ikuchitira pa zithunzi za kwathu, pamenepo ndimaimirira kumuombera m'manja. Ngakhale zotsatira zitaonetsa kuti pulogalamuyo ikulephera, iye wapeza chinthu choona chimene sichinkadziwika, ndipo zithunzi zakezo zidzatsalira ena.

Mutu ukapezeka, chotsatira n'kuudula kuti ukwane. Ophunzira athu akachoka ku mutu wotola amagwera kawirikawiri ku mutu waukulu mopitirira, wofuna kuthetsa mavuto onse a alimi a chigawo cha anthu oposa mamiliyoni awiri ndi theka. Msika umodzi, mbewu ziwiri, anthu khumi oyesa, ndi funso limodzi loyezeka n'zokwanira. Chimodzimodzi amene wakhudzidwa ndi madzi osefukira a mtsinje wa Revúbuè, amene anavutitsa anthu a mumzinda wa Tete mu 2019 ndi mu Januwale 2022 pa nthawi ya namondwe Ana, asalonjeze dongosolo lochenjeza chigwa chonse cha Zambezi. Amange kachipangizo kamodzi koyeza kukwera kwa madzi, kokhala ndi kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino ndi kotumizira SMS, akayese kwa milungu ingapo, aone ngati kangapirire kutentha kwa Tete kumene kumapitirira madigiri 40, ndipo alembe kuti batire linakhala masiku angati. Ndimalangizanso kuti wophunzira asungire miyezi iwiri yomaliza kuyesa ndi kulemba, chifukwa ambiri amathera nthawi yonse pa kodi n'kulemba monografia m'sabata ziwiri, maso ali psuu.

Chinthu china chimene sichiyenera kudikira ndi chilolezo. Pulojekiti yokhudza anthu enieni imatolera manambala a foni, mayina, ngongole, nthawi zina ngakhale matenda, ndipo zimenezi si za wophunzira. Malamulo aakulu a dziko lathu, m'ndime 71, amateteza anthu pa kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta posunga mbiri yawo, ndipo pali lamulo la 2017 lokhudza zochitika za pa intaneti. Koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, ulemu wokha ukanatiuza kuti munthu salowa m'mudzi ndi kope n'kuyamba kulemba mayina asanaonekere kwa a nyakwawa, ndiponso kuti mayi amene wakuuzani ngongole zake ayenera kudziwa kumene mawu akewo akupita. Wophunzira atenge kalata ya kusukulu, afotokoze m'chilankhulo cha anthuwo chimene akuchita, asalonjeze thandizo limene sadzabweretsa, ndipo m'monografia achotsemo mayina. Mutu umene deta yake ili m'manja mwa ofesi imene sinavomere kuipereka ndi mutu woopsa, ndipo ndaonapo wophunzira wakhama akutaya chaka chathunthu podikira kalata imene sinabwere. Funsani chilolezo musanalembetse mutu.

Kwa aphunzitsi oyang'anira ophunzira ndili ndi pempho, ndipo ndikulipereka ndikudziwa kuti ambiri a inu muli ndi ophunzira ochuluka kuposa maola amene muli nawo. Wophunzira amasankha mutu umene akuona kuti udzadutsa, choncho chimene inu mumavomereza ndi kuyamikira ndi chimene chidzachuluke. Ngati pa defesa mafunso onse ali pa kukula kwa zilembo, mipata ya m'mbali mwa tsamba ndi kalembedwe ka mabuku owerengedwa, ophunzira adzaphunzira kuti chofunika ndi maonekedwe. Mukamafunsa kuti munalankhula ndi anthu angati, anakuuzani chiyani chimene simunkayembekezera, ndipo tionetseni pulogalamuyi ikugwira ntchito intaneti itazimitsidwa, mitu idzasintha yokha m'zaka ziwiri. Muvomerenso kuti pulojekiti imene inayesedwa kwa anthu n'kupezeka ndi zofooka zolembedwa moona ndi yoposa imene ikuwala pa projekita koma sinakhudzidwepo ndi dzanja la munthu wina. Ndipo ntchito zabwino zisamathere m'kabati: kodi ndi deta yopanda mayina zisungidwe poti wophunzira wa chaka chamawa angathe kuyambira pamene mnzake analekezera, m'malo moti chaka chilichonse tiziyambanso pachiyambi. Sukulu za ukachenjede m'chigawo chino si zakale, sukulu ya zaumisiri ya ISPT ya ku Tete yeniyeniyo inakhazikitsidwa mu 2005, choncho miyambo yathu ya kafukufuku ikuumbidwa tsopano lino, ndipo dongo likadali lofewa.

Mphwanga uja anapita kwawo ku Angónia pa tchuthi chachifupi, ndipo anakhala masiku atatu pamsika ndi kope, monga ndinamupempha. Anapita ndi mutu wa mitengo ya mbewu umene ine ndinamupatsa ngati chitsanzo, ndipo anabwerako atausiya. Alimi ndi ogulitsa amene analankhula nawo anamuuza kuti mitengo amaidziwa kale, chifukwa amaimbirana mafoni m'mawa uliwonse ndi abale awo a m'misika ina. Chimene chimawapweteka ndi china: wogula wa galimoto amatenga matumba a mbatatesi pangongole, amalipira theka, n'kulonjeza kuti zotsala adzapereka akagulitsa kutauni, ndipo umboni wokhawo ndi kope la wogulayo, kapena mawu apakamwa. Pakatha milungu iwiri, chiwerengero cha matumba ndi ndalama zotsala zimasiyana pakati pa awiriwo, ndipo wolephera mkangano amakhala mlimi. Mutu umene analembetsa ndi wa risiti ya pa SMS, yopita ku foni ya wogula ndi ya wogulitsa nthawi imodzi, imene onse awiri amaitsimikiza, ndipo imasungidwa poti mmodzi sangaisinthe payekha. Aphunzitsi ake anauvomera atamuuza kuti auchepetse ukhale wa msika umodzi. Sabata yatha anandiimbiranso, ndipo nthawi ino funso lake linali lakuti achite bwanji ndi mlimi amene alibe foni yakeyake, amene amagwiritsa ntchito ya mwana wake kapena ya mnansi, popeza risiti ya ngongole ikafika m'manja mwa munthu wina ingathe kuyambitsa mkangano wa mtundu winanso. Tinakambirana kwa ola lathunthu osagwirizana njira imodzi, ndipo Loweruka likubwerali akubwerera kumsika kukafunsa eni ake.